Zomba, Mangochi, Karonga kapena malinga a m'mapiri: wokonda mbiri ya asilikali ayambire kuti?

Malo amene anthu anaomberana kale nthawi zambiri sakhala ndi choonetsa. Mukafikapo mumapeza chimanga, mwini munda n'kukulozerani kuti zinachitikira cha apa, inu n'kuvomera, basi ulendo watha. Malo amene amagwira mtima ndi aja amene asilikali ankagona, kusunga zida, kukwera sitima, kuikidwa m'manda kapena kukumbukiridwa. Oterewa kwathu kuno aliko ochuluka ndithu, kungoti ambiri timawadutsa tili pa minibasi osacheuka n'komwe.

Koma sali ofanana. Ena mumafikako mutavala nsapato za ku ofesi, ena amafuna miyendo ndi madzi akumwa. Ena ali ndi zinthu zogwirika, ena angotsala maziko mu udzu. Ndipo chachikulu kwa ine n'chakuti sanena nkhani ya munthu mmodzi: pena mumamva za msilikali wachikuda, pena za bwana wake wachizungu yekha, pena za munthu amene anakana nkhondoyo. Musanawononge ndalama ya thiransipoti ndi bwino kudziwa kuti mukufuna kukamva nkhani ya yani.

Nsanja ya ku Zomba

Ngati agogo anu kapena agogo a bambo anu anapitako ku nkhondo, yambirani pano. Nsanja ya njerwa zofiira imene ili pafupi ndi Cobbe Barracks, m'mbali mwa msewu wa M3, ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, aja akuluakulu ankangoti a Keyala. Gululi linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake awiri oyamba anali a kuno ku Nyasaland. Anyamata a kuno anali atayamba kale kutumizidwa kutali: mu 1900 ena anakamenya nkhondo kwa Aashanti, m'dziko limene lero ndi Ghana. Dzina la kampuyi n'la Alexander Cobbe, amene analandira mendulo ya Victoria Cross mu 1902 ku Somaliland akutsogolera asilikali ochokera kuno. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse a Keyala anafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ena anapita ku Malaya.

Chimene nsanjayi imaposa nacho malo ena onse ndi mayina. Pali mayina ambirimbiri a amene anafa pa nkhondo yoyamba, ija ya Chiwaya, ndipo mukamawerenga pang'onopang'ono mumazindikira a Chiyao, a Chilomwe, a Chingoni, a Chitonga, olembedwa monga mmene kalaliki wa nthawiyo anawamvera. Musathamange. Ambiri ankalembedwa usilikali ndi dzina limodzi lokha, nthawi zina dzina lantchito losiyana ndi la kumudzi, choncho wofufuza wachibale apite atafunsa kale kunyumba mayina onse amene munthuyo ankadziwika nawo.

Tsiku labwino ndi Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamene pamachitika mwambo wokumbukira. Pamakhala perete, bandi, nkhata za maluwa, ndipo ikakwana 11 koloko onse amakhala chete kwa mphindi ziwiri. Masiku ena onse pamakhala zii, ndipo theka la ola limakwana. Kufooka kwake n'komweko: palibe zambiri zofotokozera mlendo, ndiye wosadziwa mbiriyi amangoona nsanja ya wotchi. N'chifukwa chake ulendo wa ku Zomba umakoma ukaphatikizidwa ndi nyumba zakale za boma, popeza mzindawu unali likulu mpaka 1975, komanso National Archives kwa amene akufuna kufukula mapepala. Chenjezo limodzi: apa n'pafupi ndi kampu imene ikugwirabe ntchito. Funsani musanatulutse foni kuti mujambule, ndipo kamera isaloze kuchipata cha asilikali.

A ku Lilongwe ali ndi nsanja yawo pafupi ndi Capital Hill, ili ndi chiboliboli cha Kamuzu Banda patsogolo. Ndi yaitali, yofikika mosavuta, yabwino kupita ndi ana Loweruka masana. Koma ndi ya posachedwa, ndipo malowo alibe mbiri yawoyawo ya asilikali. Ndi malo okumbukirapo, osati malo amene zinthu zinachitikira.

Mangochi, kumene ndingatumize munthu woyamba kumene

Pa malo onse, tauni ya Mangochi ndiyo imapereka zambiri pa mtunda wochepa. Zonse zili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo mumazungulira wapansi. Tauniyi kale inkatchedwa Fort Johnston. Linga loyamba linamangidwa mu 1891 ndi boma la Harry Johnston kuti liziyang'anira malo amene Shire amatulukira m'nyanja, pakuti apa ndi pamene magulu a amalonda a akapolo ndi minyanga ankaolokera popita kugombe la nyanja ya mchere. Asilikali oyamba a bomalo ambiri anali Asikh ochokera ku India, ndipo mtsogoleri wawo, Cecil Maguire, anaphedwa chaka chomwecho polimbana ndi anthu a mfumu Makanjira kutsidya la nyanja.

Pafupi ndi mlathowo pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, imene inamwalira mu 1901. Pambali pake pali mzinga wa mtundu wa Hotchkiss, ndipo uwu ndiye umandikoka. Unachotsedwa pa sitima ya nkhondo ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo itangoyamba kumene ku Ulaya, kapitawo wa sitimayi, Rhoades, analamulidwa kukawononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza itakokeredwa kumtunda kuti ikonzedwe pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania, ndipo anaiombera n'kuilemaza. Nkhani imene imakambidwa ndi yakuti kapitawo wa Chijeremani, amene anali mnzake wa Rhoades womwa naye limodzi, anapalasa bwato atakwiya kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera, chifukwa uthenga woti kwabuka nkhondo unali usanamufike. Nkhaniyi imaseketsa, koma zotsatira zake zinali zazikulu. Kuyambira tsikulo nyanja yonse inali m'manja mwa Angerezi, ndipo asilikali, chakudya ndi zipolopolo zinkatha kuyenda pamadzi kuchokera kumwera mpaka ku Karonga.

Muyandikire mzingawo. Si waukulu monga mmene munthu amaganizira akamva kuti mfuti ya pa sitima ya nkhondo. Ana amaukwera, mbuzi zimadutsa pambali, ndipo akabaza amapumulira chapafupi. Pomwepo pali mwala wokumbukira anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu Julayi 1946. Iyi sinali ngozi ya nkhondo, koma simungaime pamalopo osaiwerenga.

Mukayenda pang'ono mumafika ku Lake Malawi Museum, m'nyumba imene kale inali kalabu ya azungu. Muli zinthu za sitima zakale za panyanjapa, kuphatikizapo za Guendolen, ndi zofotokoza moyo wa anthu a m'mbali mwa nyanja. Ndi yaing'ono ndipo zinthu zina zatopa, musayembekeze zodabwitsa. Komabe imachita chimene nsanja ya ku Zomba sichita, kufotokoza. M'tauni momwemo mulinso manda a nthawi ya nkhondo yoyamba. Mukaphatikiza zonsezi m'mawa umodzi, masana muli pa chambo. Woyenda ndi banja, amene ena m'gululo za mizinga sizikuwakhudza, apa ndi pamene sangadandaulidwe. Kungoti mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Mangochi si kwamasewera, yambani m'mamawa.

Malinga a m'mapiri

Awa ndi a anthu okonda kuyenda, ndipo ndinene poyera kuti si aliyense angabwerere wokhutira. Awiri odziwika ndi Fort Mangochi ndi Fort Lister.

Fort Mangochi musaisokoneze ndi tauni ija. Ili pamwamba, pa phiri la Mangochi cha ku Namwera, kufupi ndi msewu wopita ku Chiponde. Apa panali likulu la mfumu Jalasi, imene inakaniza Angerezi kwa zaka zingapo mpaka inagonjetsedwa mu 1895. Linga linamangidwa pambuyo pake pamalo omwewo. Makoma ake a miyala ndi njerwa akadalipo ndithu, mitengo itamera mkati mwake, ndipo mukaima pamenepo n'kuyang'ana chigwa mumamvetsa chifukwa chake Jalasi anasankha phirili, komanso chifukwa chake omugonjetsa sanafune kulisiyira wina. Palibe buku lingakufotokozereni zimenezi bwino kuposa mawondo anu mukamakwera.

Fort Lister ili ku Phalombe, pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Inamangidwa mu 1893 kuti itseke njira imene akapolo ankadutsitsidwa popita ku Quelimane, ndipo inasiyidwa patangotha zaka 10. Zotsala n'zochepa kuposa za ku Namwera: maziko, zidutswa za makoma ndi manda. Ubwino wake ndi wakuti ili poyambira njira zina zokwerera Mulanje, choncho wokwera phiri amaiona mongodutsa. Kupita ku Phalombe chifukwa cha linga lokhali, ine sindingalimbikitse.

Malinga awa ali ndi nkhope ziwiri, ndipo woperekeza wabwino amanena zonse. N'zoona kuti anathandiza kuthetsa malonda a akapolo. N'zoonanso kuti asilikali omwewo ndi amene ankatumidwa kukakamiza msonkho wa nyumba ndi kuwotcha midzi ya okana. Maboma athu angapo anayamba motere: Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill, ndipo kutsidya kwa malire Chipata inali Fort Jameson.

Pitani udzu utauma kapena utapsa, kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanayambe. Nthawi ya dzinja makoma amabisika ndipo njira zimaterera. Valani buluku lalitali chifukwa cha chitedze. Mukafika m'mudzi wapafupi lonjerani, pemphani kuonana ndi a mfumu kapena wowaimira, ndipo tengani woperekeza wa komweko, mutagwirizana mtengo musananyamuke. Zikwangwani n'zosowa, ndipo mapu a pa foni amakusiyani pamphambano.

Karonga ndi manda ake

Karonga ndi kutali, makilomita opitirira 200 kuchokera ku Mzuzu kudzera pa chitunda cha Chiweta, ndiye funso ndi lakuti kodi ulendowo ukuyenera. Kwa wokonda nkhondo ya Chiwaya, inde. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani ochokera kutsidya kwa Songwe anaukira boma la Karonga ndipo anabwezedwa. Chimene mumakaona lero si bwalo la nkhondoyo ayi, tauni inamera kale pamenepo, koma manda. Angerezi ndi Ajeremani amene anaphana tsikulo agona moyandikana.

Mukawerenga miyalayo mudzaona msanga amene akusowa. Ambiri mwa amene anafa anali asilikali achikuda a mbali zonse ziwiri, ndipo pa nkhondo yonseyo amene anavutika koposa anali amtengatenga. Anthu pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anatengedwa kukasenza katundu wa nkhondo, ambiri mokakamizidwa, ndipo ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi chimfine cha 1918. Manda awo alibe miyala. Bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera lokha mu 2021 kuti anthu osachepera 116,000, makamaka a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina monga mmene azungu anakumbukiridwira. Ku Karonga zimenezi mumaziona ndi maso, osachita kuuzidwa.

Chothandiza ndi Cultural and Museum Centre Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Ambiri amapitako kukaona mafupa a Malawisaurus, koma imafotokozanso za Mlozi, wamalonda a akapolo amene anamanga malinga ake m'derali ndipo anagonjetsedwa n'kunyongedwa mu 1895, komanso za nkhondo ya Ajeremani. Pa nyumba zonse zosungira zakale zimene zatchulidwa muno, iyi ndiyo yokonzedwa bwino. Ndipo ngati mwafika nthawi ya magule, musaphonye malipenga. Yunifolomu zoyera, kuguba, maudindo a m'gulu ndi malipenga a zikho, zonsezo zinachokera pa perete wa asilikali, monganso beni wa ku Mangochi ndi mganda wa m'chigawo chapakati.

Mbombwe ndi Mandala

Ena angatsutse kuti awa si malo a asilikali. Ine ndimawawerengera, chifukwa popanda iwo nkhani ya 1914 imakhala ya mbali imodzi. Nkhondo ya ku Karonga itachitika, M'busa John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kalata yodandaula kuti Aafirika osauka akufera nkhondo imene si yawo, n'kusiya amasiye, ndipo boma linaitsekereza kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira. Gulu lina linapita ku Magomero kumene linapha William Jervis Livingstone, lina linatsikira ku Blantyre kukathyola nyumba ya zida ya kampani ya African Lakes ku Mandala, koma linangotengako mfuti zochepa. Chilembwe anaphedwa pa 3 Febuluwale, ndipo asilikali a boma anaphulitsa tchalitchi chake cha njerwa ku Mbombwe.

Ku Providence Industrial Mission, ku Chiradzulu, mumaona malo a tchalitchi chakalecho, chipilala chokumbukira, ndi tchalitchi chachikulu chimene chinamangidwa mishoniyo itatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr Daniel Malikebu. Pa 15 Januwale pamadzaza anthu, ndipo wofuna kulingalira mwabata asankhe tsiku lina. Kumbukirani kuti ndi malo opemphererapo, valani moyenera. Mandala House, yomangidwa mu 1882, ili m'kati mwa Blantyre ndipo ndi yosavuta kuposa malo ena onse. M'chipinda chapamwamba muli laibulale ya Society of Malawi, mmene muli zithunzi ndi mabuku akale ambiri okhudza Keyala. Woyamba kufufuza angachite bwino kukhala tsiku limodzi mmenemo asanapite kumapiri.

Kwa amene ali ndi pasipoti

Nkhondo ya Chiwaya inathera ku Zambia. Mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anamva kuti ku Ulaya asiya kumenyana pa 14 Novembala 1918 ali m'mbali mwa mtsinje wa Chambeshi, ndipo pamalopo, pa msewu wa pakati pa Mpika ndi Kasama, pali chipilala chokhala ndi mzinga. Anakapereka zida pa 25 Novembala ku Abercorn, imene lero ndi Mbala, kumene kulinso Moto Moto Museum. Kuchokera ku Karonga mungadzere ku Chitipa ndi Nakonde. Chipilala chokhacho ndi cha mphindi zochepa, choncho ulendowu umayenera kwa amene atsirize nawo nkhani imene anaiyamba ku Mangochi ndi ku Karonga, kapena amene akupita kale ku Mpulungu.

Wofuna linga lenileni, la makoma okhuthala ndi mizinga yoloza kunyanja, kwathu kuno salipeza. Apite ku chilumba cha Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula ku Mozambique. Apwitikizi anayamba kumanga linga la São Sebastião mu 1558, ndipo Adatchi analizinga mu 1607 ndi 1608 koma analephera kulilanda. Chimene chinkapulumutsa okhalamo ndi zitsime zikuluzikulu zosungira madzi a mvula otsika pamadenga, ndipo zikuonekabe. Kunsonga kwake kuli katchalitchi ka 1522. Chilumba chonsecho chinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1991. Poyerekeza ndi ili, Fort Lister ili ngati khola la mbuzi. Koma ulendo wake ndi wautali, kudzera ku Chiponde, Cuamba ndi Nampula, umafuna masiku ndi thumba lolemerako, ndipo popanda Chipwitikizi pang'ono mumavutika ngakhale kugula tikiti. Fufuzaninso za chitetezo kumpoto kwa Mozambique musananyamuke.

Kwa munthu wa ku Blantyre amene ali ndi masiku atatu okha, ine ndingakonze motere. Lachisanu m'mawa ku Mandala, masana ku Mbombwe, kukagona ku Zomba. Loweruka kuwerenga mayina pa nsanja dzuwa lisanakwere, kenako kutsika kudzera ku Liwonde mpaka ku Mangochi kukaona mzinga ndi zakale zija. Lamulungu, ngati miyendo ikulola ndipo si nthawi ya mvula, kukwera ku Namwera. Wa ku Mzuzu asavutike ndi zonsezi poyamba, Karonga ili pakhomo. Ndipo amene akuyenda ndi agogo kapena ana aang'ono achotsepo Namwera, tsikulo akathere kunyanja.